Opaleshoni ya pituitary pa matenda a Cushing: dokotala akati yayenda bwino amatanthauza chiyani?

Mayi wina wa ku Malawi amene timapemphera naye kuno ku Johannesburg anachitidwa opaleshoni yodzera m'mphuno, ndipo tsiku lomwelo uthenga unafika kwa achibale kumudzi wakuti zonse zayenda bwino. Patapita milungu itatu, amayi a mpingo atapita kukamuzonda, anamupeza ali wofooka kuposa kale, mafupa akuphwanya, chakudya sichikulowa, kwinaku akumwa mapiritsi a homoni yomweyo imene madokotala ankati yachuluka m'thupi mwake. Mlamu wake anali atawerenga kuti odwala 80 mwa 100 alionse amapeza bwino akachitidwa opaleshoniyi, pamene mwana wake wamkulu anawerenga kwina kuti matendawa amabwereranso kwa munthu mmodzi mwa atatu. Anthu amene anasonkha ndalama zoyendera kuchipatala anayamba kufunsana chamumtima kuti, kodi mayiyu wachira kapena ayi?

Zonse zimene achibalewo anamva n'zoona. Vuto lili pa mawu akuti kuchira, chifukwa pa matenda amenewa madokotala sawagwiritsa ntchito mmene ife timawagwiritsira pa malungo kapena pa mwendo wothyoka. Kuti timvetse zotsatira za opaleshoniyi tiyenera kuyamba ndi homoni imene yayambitsa nkhani yonse.

Cortisol ndi amene amailamulira

Cortisol ndi homoni imene imapangidwa ndi tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal, tomwe timakhala pamwamba pa impso, kamodzi mbali iliyonse. Munthu sangakhale ndi moyo popanda homoniyi, pakuti ndi imene imathandiza kuti shuga wa m'magazi asatsike kwambiri tikakhala ndi njala, kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yoyenera, ndiponso kuti thupi lipirire pa nthawi ya matenda kapena ngozi. Imachuluka m'mamawa munthu akamadzuka, imatsika pang'onopang'ono tsiku likamapita, ndipo pakati pa usiku imakhala yochepa kwambiri. Madokotala anayamba kuona mphamvu za mahomoni a mtundu umenewu mu 1948, pamene mankhwala a cortisone anaperekedwa koyamba kwa wodwala nyamakazi ku Mayo Clinic ku America, ndipo mu 1950 akatswiri atatu, Edward Kendall, Philip Hench ndi Tadeus Reichstein, analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo.

Ma adrenal sagwira ntchito mwa okha. Amalamulidwa ndi kachiwalo kena kotchedwa pituitary, kakang'ono ngati nsawawa, kolemera pafupifupi theka la galamu, komwe kamakhala m'kadzenje ka fupa pansi pa ubongo, kumbuyo kwa mphuno. Kachiwaloka kamatumiza homoni yotchedwa ACTH kudzera m'magazi, ndipo ACTH ikafika ku ma adrenal, iwo amatulutsa cortisol. Cortisol ikakwanira, pituitary imazindikira n'kuchepetsa ACTH. Dongosololi likufanana ndi kampira koyandama ka m'thanki ya madzi, kamene kamatseka mpopi madzi akadzaza n'kutsegulanso madzi akatsika. Pa matenda a Cushing, mu pituitary mumamera kachotupa kamene kamangotumiza ACTH osamva kuti thanki yadzaza, ndipo cortisol imasefukira usana ndi usiku kwa zaka.

Kusefukirako ndi kumene kumasintha thupi. Nkhope imakhala yozungulira, mafuta amaunjikana pamimba ndi kumbuyo kwa khosi pamene miyendo ndi manja zikuwonda, khungu limapyapyala n'kumachita mabala msanga, pamimba pamatuluka mizere ikuluikulu, ndipo munthu amavutika kudzuka pampando chifukwa minofu ya m'ntchafu yafooka. Shuga ndi BP zimakwera, mafupa amafewa, msambo umasokonezeka, tulo timasowa, maganizo amakhala osakhazikika. Chomvetsa chisoni n'chakuti pakati pathu kunenepa kwa munthu amene ali ku Joni timakuona ngati chizindikiro chakuti zinthu zikumuyendera, motero ena amayamikiridwa akafika kumudzi pa Khirisimasi pamene matenda akuwadya.

Matenda a Cushing si njira yokhayo yochulukira cortisol

Dzinali linachokera kwa Harvey Cushing, dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku America, amene mu 1912 analemba za mtsikana wa zaka 23 yemwe anali ndi zizindikiro zimenezi, ndipo mu 1932 anafotokoza kuti gwero lake likhoza kukhala kachotupa ka mu pituitary. Masiku ano madokotala amasiyanitsa zinthu ziwiri. Cushing's syndrome ndi dzina la vuto lililonse la kuchuluka kwa cortisol, kaya lachokera kuti, pamene Cushing's disease, yomwe m'nkhani ino tikuitcha matenda a Cushing, ndi mtundu umodzi wokha, wochokera ku chotupa cha pituitary. Zili ngati kutentha thupi ndi malungo: malungo amatenthetsa thupi, koma si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa anthu ambiri amene ali ndi zizindikiro za Cushing alibe chotupa chilichonse. Vuto lawo limachokera ku mankhwala a steroid, amene amagwira ntchito ngati cortisol m'thupi, monga prednisone womwedwa kwa nthawi yaitali pa mphumu kapena nyamakazi, ngakhalenso mafuta oyeretsa khungu okhala ndi clobetasol kapena betamethasone, amene amagulitsidwa mobisa m'timashopu ndi m'misewu ya m'tauni muno. Palinso ngozi ina imene ikutikhudza ife a kuno kum'mwera kwa Africa: munthu amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, akamagwiritsanso ntchito mankhwala opopera a mphumu monga fluticasone, steroid ija imakhalitsa m'magazi mpaka kubweretsa zizindikiro za Cushing. Onsewa safunika mpeni, koma kusintha mankhwala mothandizidwa ndi dokotala, osati kungosiya mwadzidzidzi.

Mwa odwala amene thupi lawo lokha ndi limene likupanga cortisol yochuluka, pafupifupi 70 mwa 100 alionse gwero lake ndi pituitary. Otsalawo ali ndi chotupa mu adrenal mwenimwenimo, kapena chotupa cha kwina, kawirikawiri m'mapapo, chimene chikupanga ACTH. Matenda a Cushing ndi osowa, pakuti pa chaka amapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu miliyoni imodzi, ndipo amagwira akazi kuposa amuna kuwirikiza katatu kapena kupitirira. Chotupa chake pafupifupi nthawi zonse si khansa. Komabe asanapezeke mankhwala ake, lipoti lina la mu 1952 linaonetsa kuti pafupifupi theka la odwala ankamwalira zisanathe zaka zisanu.

Kupeza chotupa ndi theka la opaleshoni

Zotsatira za opaleshoni zimayamba kuumbika wodwala asanalowe m'fiyeta, pa nthawi yofufuza. Pali njira zitatu zodziwira ngati cortisol yachulukadi: kuyeza mkodzo wa maola 24, kuyeza malovu a pakati pa usiku, ndi kumwa piritsi la steroid lotchedwa dexamethasone usiku kenako n'kuyezetsa magazi m'mawa kuti aone ngati cortisol yatsika monga imachitira mwa munthu wabwinobwino. Iliyonse ili ndi pofooka pake, ndipo zina mwa zofookazo zimakhudza moyo wa Amalawi ambiri a kuno. Mlonda kapena wosamalira okalamba amene amagwira ntchito usiku, thupi lake linasintha nthawi, motero malovu ake a pakati pa usiku akhoza kunamiza. Wodwala TB amene akumwa rifampicin, chiwindi chake chimaphwanya dexamethasone msanga, ndipo zotsatira zimaoneka ngati ali ndi matenda pamene alibe. Mapiritsi olera okhala ndi estrogen nawonso amakweza cortisol yoyezedwa m'magazi. N'chifukwa chake dokotala amabwereza kuyeza kangapo, zimene odwala ena amaziona ngati kuwazengereza.

Kenako pamabwera sikani ya MRI. Zambiri mwa zotupa zimenezi sizifika mamilimita 10, ndipo zina zimakhala ngati njere ya mapira, kotero kuti mwa odwala pafupifupi mmodzi mwa atatu, kapena kuposerapo, sikani sionetsa chilichonse chomveka. Kumbali ina, pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 amene alibe matendawa ali ndi kadontho mu pituitary kopanda vuto lililonse. Choncho kuona kadontho sikutsimikiza kuti ndi komwe kakulakwa, ndipo kusaona kanthu sikutsimikiza kuti kulibe. Pakakhala kukayika, madokotala amalowetsa timapaipi tating'ono kwambiri m'mitsempha ya pa mphechepeche n'kutikweza mpaka ku mitsempha yotulutsa magazi mu pituitary, kuti ayerekeze ACTH wa pamenepo ndi wa m'magazi a kwina. Njirayi, yotchedwa IPSS, inakhazikika pambuyo pa kafukufuku wa Edward Oldfield ndi anzake wa mu 1991. Zili ngati kutunga madzi pa kasupe penipeni kuti mudziwe ngati litsiro likuchokera pamenepo kapena likulowa mumtsinje kumunsi. Kuyeza kotere kumafuna akatswiri ndi zipangizo za chipatala chachikulu, n'chifukwa chake wodwala wa ku kiliniki ya ku Diepsloot kapena ku Hillbrow amatumizidwa pang'onopang'ono mpaka kukafika ku zipatala zophunzitsira madokotala za yunivesite ya Wits, monga Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto.

Njira ya m'mphuno

Anthu ambiri akamva za opaleshoni ya pansi pa ubongo amaganiza kuti chigaza chimatsegulidwa. Pa matendawa sizikhala choncho kawirikawiri. Dokotala amadzera m'mphuno, n'kudutsa m'kamphanga ka mpweya ka m'fupa lotchedwa sphenoid, n'kuboola kakhoma kopyapyala ka pansi pa pituitary. Ubongo saukhudza, ndipo pankhope sipatsala chipsera.

Njirayi ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Hermann Schloffer anaichita koyamba ku Innsbruck mu 1907, ndipo Oskar Hirsch wa ku Vienna anaikonza mu 1910. Cushing mwiniwake anaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anaisiya n'kubwerera ku njira yotsegula chigaza, ndipo madokotala ambiri anamutsatira. Amene anaisunga kuti isafe ndi wophunzira wake, Norman Dott wa ku Edinburgh, yemwe anaiphunzitsa Gerard Guiot wa ku Paris, naye n'kuphunzitsa Jules Hardy wa ku Montreal. M'zaka za m'ma 1960 Hardy anayamba kugwiritsa ntchito maikulosikopu pa opaleshoniyi, n'kuonetsa kuti n'zotheka kuchotsa kachotupa kokha n'kusiya pituitary ili yamoyo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 madokotala ambiri anayamba kulowetsa kamera yaing'ono m'mphuno m'malo mwa maikulosikopu, ndipo pa zotupa zing'onozing'ono njira ziwirizi zimapereka zotsatira zofanana ndithu. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi dzanja la dokotala ndi kuchuluka kwa maopaleshoni otere amene iye ndi gulu lake amachita pa chaka.

Amene anakulira kumudzi ndipo anazulapo thekenya pachala amvetsa msanga vuto la ntchitoyi. Wozula waluso amang'amba khungu mozungulira ndi singano mpaka kathumba konse katatuluka kamphumphu, chifukwa kakaphulika n'kutsalira zina mkati, chala sichipola bwino. Kachotupa ka pituitary nako kamakhala ndi kachikuta kopyapyala kokazungulira, ndipo dokotala akakwanitsa kukasenda motsatira chikutacho, mwayi wochotsa zonse umakula. Koma kachotupa kakalowerera m'khoma la m'mbali, m'malo otchedwa cavernous sinus momwe mumadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo pamodzi ndi minyewa yoyendetsa diso, dokotala sangapale momasuka, ndipo timaselo tina timatsalira.

Kuzirala kwa matenda: mawu amene asokoneza ambiri

Tafika pa mtima wa nkhani. Pambuyo pa opaleshoniyi madokotala sakonda kunena kuti munthu wachira. Amagwiritsa ntchito mawu achingerezi akuti remission, amene m'Chichewa tinganene kuti matenda azirala, monga moto umene wasiya kuyaka koma sitinatsimikize ngati pansi pa phulusa palibe khala. Kale ankanena za kuchira, koma atatsatira odwala kwa zaka zambiri anaona ena amene ankaoneka ochiritsitsa akudwalanso, ndipo anasintha kalankhulidwe.

Kuzirala kumayezedwa ndi magazi a m'mawa m'masiku oyamba pambuyo pa opaleshoni, ndipo apa pali chinthu chodabwitsa: chimene dokotala akufuna kuona si cortisol yabwinobwino ayi, koma cortisol yotsikitsitsa. Chifukwa chake n'chakuti zaka zonse zimene kachotupa kankalamulira, mbali yabwino ya pituitary inali itagona, popeza cortisol yosefukira ija inkaiuza kuti isatumize ACTH. Kachotupa kakachotsedwa konse, palibe wotumiza uthenga, ndipo cortisol imagwa pansi. Ikapanda kugwa, pamakhala kukayikira kuti penapake patsala timaselo ta chotupa. Malabotale a ku South Africa amayeza cortisol mu nmol/L, ndipo munthu wabwinobwino m'mawa amakhala ndi mazana angapo. Malangizo a bungwe la Endocrine Society a mu 2015 amati matenda azirala ngati cortisol ya m'mawa yatsika pansi pa 138 m'masiku asanu ndi awiri oyamba, ndipo madokotala ambiri amakhala ndi chiyembekezo chachikulu ikatsika pansi pa 55. Pali odwala ena ochepa amene cortisol yawo imatsika mochedwa, patapita milungu ingapo, n'chifukwa chake dokotala wodekha sathamangira kugamula pa tsiku lachiwiri.

Nanga ziwerengero zikuti chiyani? Mgwirizano wa akatswiri a m'mayiko ambiri umene unafalitsidwa mu 2021 unati m'manja mwa madokotala ozolowera ntchitoyi, matenda amazirala mwa odwala pafupifupi 80 mwa 100 alionse ngati chotupa n'chosafika mamilimita 10, ndi pafupifupi 60 mwa 100 ngati n'chachikulu kuposa pamenepo. Malipoti a zipatala zosiyanasiyana amapereka ziwerengero zotalikirana, ena cha m'ma 65, ena mpaka 90. Kusiyanaku sikutanthauza kuti wina akunama. Chipatala china chimawerenga okhawo amene cortisol inagwa pansi kwambiri, china chimawerenganso amene inangofika pabwinobwino. China chimalandira odwala ovuta amene opaleshoni yawo yoyamba inalephera kwina, china chimayeza pa mwezi umodzi, china pa miyezi isanu ndi umodzi. M'pofunikanso kudziwa kuti zambiri mwa ziwerengero zimenezi zimachokera ku zipatala zikuluzikulu za ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Wodwala wa kuno ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu dokotala wake kuti, "Adokotala, maopaleshoni otere mumachita angati pa chaka, ndipo pa chotupa chonga changachi mumaona zotani?" Ine ndikuona kuti yankho la funso limeneli limathandiza banja kuposa chiwerengero chilichonse chowerengedwa pa foni.

Chifukwa chake wodwala amafooka opaleshoni ikatheka

Apa ndi pamene pali yankho la zimene amayi a mpingo aja anaona. Ngati cortisol yagwa pansi, wodwala ayenera kupatsidwa ina ya mapiritsi, yotchedwa hydrocortisone, mpaka pituitary yake itadzuka, zimene zimatenga miyezi 6 mpaka 12, ndipo kwa ena chaka ndi theka kapena kupitirira. Ngakhale akumwa mapiritsiwo, thupi limene linazolowera cortisol yochuluka limamva kuperewera. Munthu amatopa, amagona kwambiri, mfundo zimawawa, khungu limasenda, chilakolako cha chakudya chimatha, ndipo ena amagwidwa ndi chisoni chachikulu. Achibale amaona ngati opaleshoni yalephera, pamene kwa dokotala kufookako kumagwirizana ndi chotupa chimene chachoka.

Nthawi imeneyi ili ndi ngozi yake yeniyeni, ndipo sindikufuna kuti aliyense aipeputse. Munthu amene ma adrenal ake sanadzuke akasiya mapiritsi, kapena akadwala malungo, kutsekula m'mimba kapena kusanza osawonjezera mlingo monga anamulangizira dokotala, BP ikhoza kugwa mwadzidzidzi mpaka kumwalira. Wosanza amene piritsi silikukhazikika m'mimba amafunika jekeseni mwamsanga. Ayenera kuyenda ndi kalata ya kuchipatala kapena chibangili cha MedicAlert cholembedwa vuto lake, ndipo amene amakhala naye m'nyumba ayenera kudziwa zoyenera kuchita. Ngati wina m'banja kapena mu mpingo angamuuze kuti ataye mapiritsi chifukwa wachira, ayenera kudziwa kuti malangizowo akhoza kupha.

Palinso zovuta zina za opaleshoni yeniyeniyo. Mbali ya kumbuyo ya pituitary imasunga homoni yoletsa impso kutaya madzi ambiri, ndipo ikagwedezeka, wodwala amakodza malita ambiri n'kumamva ludzu losatha. Vutoli linkatchedwa diabetes insipidus, ngakhale silikhudzana ndi shuga, ndipo mu 2022 akatswiri anagwirizana kulitcha AVP deficiency pofuna kupewa chisokonezo chimenecho. Kwa ambiri limatha m'masiku ochepa. Chakumapeto kwa mlungu woyamba, pamene wodwala ali kale kunyumba, zikhoza kutembenuka: thupi limasunga madzi ambiri, mchere wa sodium m'magazi umatsika, mutu umawawa, nseru imabwera. Madzi oyera otsekemera pang'ono kapena amchere akamadontha m'mphuno akhoza kukhala madzi a mu ubongo, ndipo zimenezi zimafuna kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa majeremusi akhoza kulowera pomwepo. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 amatsala ndi kuperewera kwa mahomoni ena a pituitary, monga olamulira chithokomiro kapena kubereka. Imfa pa opaleshoniyi m'zipatala zozolowera ndi yosowa, yosafika mmodzi mwa 100.

Chimodzi chimene chimaiwalika n'chakuti cortisol yochuluka imachititsa magazi kuundana msanga, ndipo ngozi ya kuundana kwa magazi m'miyendo ndi m'mapapo imakhalabe yaikulu kwa milungu ingapo opaleshoni itachitika. Mwambo wathu ndi wakuti wodwala akatuluka m'chipatala apite kumudzi akapume. Koma ulendo wa basi wochokera ku Park Station kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza ndi wa masiku awiri munthu atapinda miyendo, m'kutentha, kutali ndi chipatala chimene chikudziwa nkhani yake. Ulendo wotere uyenera kukambidwa ndi dokotala tikiti isanagulidwe.

Matenda akabwerera

Mwana wa mayi uja sanalakwitse. Mwa odwala amene matenda anazirala, malipoti amaonetsa kuti amabwerera mwa 5 mpaka 35 pa 100 alionse, malinga ndi kutalika kwa nthawi imene odwalawo anatsatiridwa. Pafupifupi theka la kubwererako kumachitika m'zaka zisanu zoyamba, ndipo theka linalo pambuyo pake, nthawi zina patapita zaka 10 kapena kuposerapo. Kawirikawiri chotupa chimaphukira pamalo pomwe panali choyamba, monga kapinga amene mwalima bwinobwino koma kamuzu kamodzi katatsala m'nthaka.

Choncho malangizo a akatswiri ndi akuti wodwala aziyezedwa chaka ndi chaka moyo wake wonse, ndipo malovu a pakati pa usiku ndi amene amayamba kuonetsa kusintha mkodzo usanaonetse. Kwa ife okhala m'dziko la eni, mfundo imeneyi ndi yolemera. Anthu amasintha ntchito, amasamukira ku Cape Town kapena ku Durban, ena amabwerera kwawo ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo fayilo imatsala ku Johannesburg. Wodwala aliyense ayenera kupempha ndi kusunga makope a lipoti la opaleshoni, lipoti la labotale lonena za chotupa chimene chinachotsedwa, zithunzi za MRI, ndi ziwerengero za cortisol za masiku oyamba aja, chifukwa dokotala wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe amene adzamuone patapita zaka zisanu ndi zitatu adzayambira pa mapepala amenewo.

Opaleshoni yoyamba ikalephera, kapena matenda akabwerera, njira zilipo zinayi, ndipo palibe imene ili yabwino kwa aliyense. Opaleshoni yachiwiri imathandiza ambiri, makamaka ngati chotsalira chikuoneka pa sikani, ngakhale mwayi wake ndi wocheperapo ndipo ngozi ya kudontha kwa madzi a mu ubongo ndi kuperewera kwa mahomoni imakula. Kuwotcha ndi cheza, kuphatikizapo njira yolunjika pamalo amodzi imene Lars Leksell wa ku Sweden anayambitsa, kumagwira ntchito pang'onopang'ono, kwa miyezi yambiri kapena zaka, ndipo pakapita nthawi kumafooketsa pituitary mwa odwala ambiri. Mankhwala monga ketoconazole, metyrapone ndi osilodrostat (omalizawa anavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2020) amachepetsa cortisol koma sachotsa chotupa, pamene pasireotide ndi cabergoline amalimbana ndi chotupacho. Ketoconazole amafuna kuyeza chiwindi pafupipafupi, pasireotide amakweza shuga, ndipo atsopanowo ndi odula. Njira yomaliza ndi kuchotsa ma adrenal onse awiri, zimene zimathetsa kusefukira kwa cortisol nthawi yomweyo, koma munthu amadalira mapiritsi a hydrocortisone ndi fludrocortisone moyo wake wonse, ndipo mwa ena chotupa cha pituitary chimayamba kukula, khungu n'kuda kwambiri, vuto limene Don Nelson analifotokoza mu 1958. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo pa njira iliyonse mwa zinayizi wodwala ayenera kuuzidwa matope ake asanasankhe.

Ngakhale matenda atazirala bwinobwino, thupi silibwerera mwakale tsiku limodzi. Nkhope ndi mimba zimaphwa m'miyezi ingapo mpaka chaka, shuga ndi BP zimatsika mwa ambiri koma sizitheratu mwa onse, mafupa amalimba pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo ena amadandaulabe za kuiwala, kutopa ndi nkhawa patapita nthawi yaitali. Amene anakhala ndi cortisol yochuluka kwa zaka zambiri asanapezeke ndi matendawa ndi amene kawirikawiri amatsala ndi zipsera zambiri.

Mafunso amene akatswiri sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi la muyezo weniweni wa kuzirala. Ena amagwira 55, ena 138, ena amadikira miyezi ingapo, ndipo palibe chiwerengero chimene chimatsimikiza kuti matenda sadzabwerera, pakuti ngakhale ena amene cortisol yawo inagwa pansi kwambiri anadwalanso. Logwirizana nalo ndi la nthawi yobwerezera opaleshoni cortisol ikapanda kutsika: kulowanso m'masiku ochepa njira ikadali yotseguka, kapena kudikira poyembekezera kuti mwina itsika mochedwa?

Pali mkangano wina pa odwala amene sikani sionetsa chotupa ngakhale IPSS ikuloza ku pituitary. Madokotala ena amafufuza kachiwalo konse n'kuchotsa theka la mbali imene akuikayikira, ena amachotsa kochepa pofuna kuteteza mahomoni ena, makamaka kwa mayi amene akufunabe kubereka. Makina a MRI amphamvu kwambiri ndi masikani atsopano a PET akuyesedwa kuti aone ngati angaonetse tizotupa tobisika timeneti. Sizinakhazikikenso ngati kumwa mankhwala otsitsa cortisol opaleshoni isanachitike kumasintha zotsatira, ndiponso kuti mankhwala oletsa magazi kuundana aziperekedwa kwa ndani komanso kwa milungu ingati.

Mu 2015 ofufuza anapeza kuti zotupa zochuluka ndithu za mtundu umenewu zili ndi kusintha mu jini yotchedwa USP8, ndipo funso n'lakuti kodi kudziwa zimenezi kudzathandiza kuneneratu amene matenda adzamubwerere kapena mankhwala amene angamuyanje. Akatswiri akufufuzanso chifukwa chimene odwala ena, ngakhale cortisol yawo itakhala bwino kwa zaka zambiri, amakhalabe ndi ngozi ya matenda a mtima yokulirapo kuposa anzawo, ndiponso ngati kupeza matendawa msanga ku kiliniki, kumene namwino amaona mayi wachitsikana wa shuga, BP ndi mizere ya pamimba nthawi imodzi, kungachepetse ngoziyo.